Kompyuta ya Bambo Yatentha Thupi

4 Febuluwale

Mwana wanga Fyuzi,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo makompyuta a kampani yakoyo sakukuzunguza mutu. Kuno tadzuka. Mayi ako ali bwino, ine ndili monga unandisiyira: mwendo wayamba kumvera, dzanja lamanja likuchitabe mwano, lilime ndiye lolemera ngati ndabwereka la munthu wina. N'chifukwa chake ndikulemba m'malo moimba foni. Pa foni umandimalizira mawu ndisanafike pakati, komanso adokotala anati cholembera ndi mankhwala a dzanja la sitiroko. Zilembo zikamatsetsereka uzingozitsatira.

Makatoni aja anafika ndi dalaivala wa basi ya m'mawa. Mayi ako atatsegula anati mwana watitumizira kompyuta yophwanyika. Ine ndinamva chimene unkatanthauza. Munthu amene wakonza mawailesi ndi ma TV moyo wake wonse, kumutumizira chinthu chomangamanga n'kumunyoza.

Ndinayala nyuzipepala patebulo lodyera n'kuyamba. Ntchito imene kale ndikanaimaliza tiyi asanazizire inadya sabata yathunthu, ndipo si dzanja lokha limene linandichedwetsa. Mayi ako anaima pamutu panga ngati woyang'anira mayeso. Ndikangogwira sikuludiraiva akuti nthawi ya mankhwala yakwana, ndikangowerama akuti kapumeni magazi angakwere. Komabe ndinatsatira malangizo ako mzere ndi mzere. Purosesa, ubongo wake uja, ndinaikhazika pamalo pake osapinda dzino ndi limodzi lomwe. Ndinasenda kapulasitiki kotchinga pansi pa chitsulo choziziritsira, ndinadontheza phala lotuwa la m'kachubu pa purosesa, n'kumanga chitsulocho pamwamba pake. Chitsulo chimenechi ine ndachitcha chipeso, chifukwa cha mano ake aja.

Nditadina batani mafani anazungulira, sikirini n'kuyaka. Ndisakunamize, ndinalowa kubafa kukasamba kumaso kuti mayi ako asaone.

Tsopano ili kushopu. Anthu amva kale kuti ndiyamba kusamutsa matepi akale a vidiyo kuti aziwaonera pa foni, ndipo shelefu yadzaza ndi maukwati, ena mwa iwo anatha kalekale. Mwini nyumba akufuna yankho pakutha pa Malichi, ndipitiriza kapena apereke chipinda kwa wometa wa khomo loyandikana, amene wakhala akuchiyeza ndi maso chigonereni ine m'chipatala. Ndinamuuza kuti wometayo adikire maliro anga.

Pali kamodzi kokha. Dzulo ndikusamutsa tepi yoyamba, mafani analira ngati basi pamtunda, kenako kompyuta inangozima yokha mkwati asanalowe m'tchalitchi. Magetsi sanathime. Lero yachitanso chimodzimodzi. Kodi ndi khalidwe lake?

Tiuze za kumeneko. Chifuwa chija chinatha?

Ndine bambo ako.

8 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kachiwiri ndili m'khonde la ofesi kuti anzanga asandifunse chimene ndikumwetulira. Ine ndili bwino, chifuwa chinatha. Zilembo zanu zikuwerengeka kuposa za adokotala anuwo.

Si khalidwe lake ayi. Kompyuta ikamazima yokha pa ntchito yolemera, mafani atayamba alira choncho, kawirikawiri imakhala yatentha thupi. Purosesa ili ndi nzeru yodziteteza, ikaona kuti ipsa imadzizimitsa. Ndiye musaope, simunaphe kanthu. Kusamutsa vidiyo ndi katundu wolemera, n'chifukwa chake ikugwera pa tepi.

Tiyambe ndi zapafupi, monga munkandiphunzitsira kuti wailesi sutsegula kumbuyo usanaone mabatire. Kompyutayo mwaikhazika pati? Imafuna mpweya kutsogolo ndi kumbuyo. Ndikufunsa chifukwa Amayi ndimawadziwa. Sofa ya pabalaza ikadali m'mapulasitiki a kusitolo chibadwire ine, rimoti imagona m'kajumbo komanga ndi labala, ndipo firiji ili ndi chipewa choluka. Ngati kompyuta yavekedwa kale diresi, muivule.

Mukatero tsegulani chitseko chake cha m'mbali muone ngati mafani onse akuzungulira, makamaka ya pachipeso chanucho. Yandikizani kapepala: kutsogolo kayenera kukokedwa, kumbuyo kukankhidwa. Kenako muiyatsenso n'kulowa mu bayosi, tsamba lija limabwera zina zonse zisanayambe. Pamenepo pali nambala ya kutentha kwa purosesa. Ikamangokhala osagwira ntchito iyenera kusewera m'ma 30 kapena 40. Nambala yomweyo imaonekanso pakona ya sikirini mukamasamutsa tepi, kapulogalamu kake ndinaikamo kale. Mundilembere zonse ziwiri.

Mankhwala mukumwa? Wometayo muuzeni kuti ndikubwera kudzamumeta ndekha.

Mwana wanu,
Fyuzi

11 Febuluwale

Mwana wanga,

Landira moni wa mayi ako. Kalata iyi bambo ako sakuidziwa, ndampatsa dalaivala pamseri. Pa foni Lamlungu sindingalankhule, amakhala pambali panga khutu lili tcheru. Linadwala ndi lilime, makutu ndiye anachita kuwonjezeka.

Ndiyambe ndi dandaulo. Akuti unalemba kuti nsalu yanga ndi imene ikudwalitsa kompyuta. Nsalu imeneyo ndinaipeta ndekha, maluwa ofiira m'mbali monse, chifukwa kushopu kuja fumbi la mumsewu limalowa ngati kwawo. Inu a m'tauni mumagula chinthu lero, mawa chakalamba. Sofa umaiseka ija inakulera iwe ndipo ikadali yatsopano. Koma chabwino, aivula, ili mbulanda pakauntala, aliyense wodutsa akuiona matumbo.

Chimene ndalembera ndi ichi. Sabata imene ankamanga chinthu chimenechi bambo ako anali munthu. Ankaimba mluzu, wokhota inde koma mluzu ndithu, ndipo ankadya osakakamizidwa. Tsopano kompyuta ikazima nawonso amazima. Dzana kunabwera mayi wina wamasiye kudzafunsa za tepi ya ukwati wake, akuti akufuna amvenso mawu a malemu amuna ake. Bambo ako anamuuza kuti abwerenso. Atachoka anakhala akuyang'ana dzanja lawo lija ngati lawabera kanthu.

Ine ndimawaperekeza m'mawa, ndimakhala pakhomo la shopu ndi zoluka zanga, madzulo n'kubwera nawo. Amanyinyirika, koma nanga akagwa pamsewu adzandiuza ndani? Tsiku la sitiroko lija ndine amene ndinawapeza pansi pa benchi, iwe sunawaone. Ndimaopa, mwana wanga, ndipo sindifuna kudzaonanso.

Ndiye ndimati, sungatumize ina yomangamanga, n'kuwauza kuti iyi inabwera yodwala kuchokera kufakitale? Bodza lotere Mulungu amayang'ana kumbali. Za mawaya zanuzo ine sindizidziwa, makalata ako amawatsekera m'bokosi la zipangizo ngati ndi a chibwenzi. Ndikungodziwa kuti munthu wanga akufota.

Uzidya, pachithunzi chija makosi aoneka.

Mayi ako.

14 Febuluwale

Fyuzi mwana wanga,

Tadzuka, kaya iwe. Mayi ako akupereka moni wa theka, theka linalo aligwira chifukwa cha nsalu.

Unalosera bwino, diresi inalipo, ya maluwa ofiira, ndipo inatseka mabowo onse a pamwamba. Nditaivula ndinaikokanso kompyuta kuichotsa kukhoma. Inapirira pang'ono, mkwati anafika pakati pa tchalitchi. Kuguwa ndiye sanafike.

Mafani onse akuzungulira. Kapepala kutsogolo kakukokedwa, kumbuyo kakukankhidwa, monga unanenera. Fumbi mulibe, lilowa bwanji mayi ako ali pakhomo. Mu bayosi nambala inayambira pa 58 n'kumakwera ine ndikuyang'ana, mpaka 70, chonsecho sikugwira ntchito iliyonse. Nditaika tepi kanambala ka pakona kanathamanga, 90, 97, 100, kenako zii.

Koma pali chimodzi chimene chikundizungulira m'mutu. Itangozima ndinapisa chala n'kugwira mano a chipeso. Ndinkayembekezera kupsa, koma chinali chozizira ngati supuni ya m'kabati. Pa makina okuzira mawu amene ndinkakonza kale, tiranzisita ikatentha chitsulo chake chimatenthanso, ndiyo ntchito yake, kumulanda mnzake moto. Chitsulo chikazizira mwini wake akupsa, ndiye kuti awiriwo sakugwirana. Ndayesa masikuluwu onse anayi, ndi olimba. Kapena dzanja langali linamanga mokhotetsa? Undiuze mosabisa, sindine mwana.

Wometa uja analowa dzulo akuti wabwera kudzandizonda. Maso ake anali pakhoma, akusankha pokhoma kalilole. Ndinamupatsa mpando wothyoka mwendo uja.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndikudikira yankho lako.

Bambo ako.

17 Febuluwale

Amayi,

Moni wanu ndalandira, ndipo ndikudya. Pepani za nsalu, ndi yokongola, tidzaipezera pena. Koma kompyuta ina sinditumiza. Bambo adzadziwa tsiku lomwelo kuti tawanamiza, ndipo ndi pamene adzazimiretu. Iyi anamanga okha, ichirenso ndi manja awo omwewo. Kalata inayo ndi yawo, muwapatse.

Fyuzi

17 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Chala chanu chapeza matenda amene nambala sizikanatiuza. Purosesa ikupanga moto, chipeso chikudikira moto, koma moto sukuwoloka. Pakati pawo pali chotchinga.

Simunamange mokhotetsa, chikanakhala chikugwedera. Ngati masikuluwu ndi olimba ndipo phala munaika, chatsala ndi chimodzi, chimene chimagwetsa ngakhale anyamata a kuntchito kuno: kapulasitiki ka pansi pa chipeso. N'koonekera ngati madzi, munthu amamanga osakaona. Kakatsalira, kompyuta imachita ndendende zimene yanu ikuchita.

Ndikudziwa munalemba kuti munasenda. Koma Bambo, chidwalireni mumaiwala tina ndi tina, adokotala ananena kuti zimachitika. Mwina munaganiza zosenda, mutu n'kulemba kuti mwasenda. Si zamanyazi. Masulani muone, ndi ntchito ya kanthawi kochepa.

Muiyatse pang'ono kaye kuti phala lifewe, kenako muzimitse ndi kuzula chingwe kukhoma. Masikuluwu mumasule mopingasa, pang'ono uku pang'ono uko. Chipeso musachizule ngati dzino, muchipotoze pang'ono chidzasiya chokha. Phala lakale mulipukute mbali zonse ndi kansalu ka sipiriti mpaka mkuwa uwale. Latsopano likhale kadontho kamodzi pakati, ngati kanjere ka nandolo, lidzafalikira lokha mukamanga. M'kachubu muja latsalamo lokwanira.

Chitani msanga, Malichi sali patali.

Mwana wanu,
Fyuzi

20 Febuluwale

Fyuzi,

Tadzuka.

Kapulasitiki ndinasenda. Ndikukumbukira kulira kwake, ndikukumbukira kuti kanandimatirira pachala ndipo ndinakasiya m'mphepete mwa tebulo. Ndinaona nkhope yanga mu mkuwa wa pansi pake, pakamwa pokhota pomwe. Munthu saiwala zotere. Sitiroko inanditengera dzanja ndi lilime, mutu inandisiyira. Galu wamkota sakandira pachabe.

Sindimasula chinthu chimene ndinamanga bwino pofuna kukondweretsa mwana. Ganiza china. Dzina lakolo ndinakupatsa ndine chifukwa umafulumira kupsa, ndipo ndikuona kuti umafulumiranso kuweruza.

Bambo ako.

27 Febuluwale

Mwana wanga,

Mayi wina wamasiye, amene wakhala akudikira tepi ya ukwati wake, anabweranso lero. Sanadandaule, anangofunsa ngati tepi yake ikusungidwa pouma. Atapita ndinatuma mayi ako kusitolo ya mankhwala, ndinatseka chitseko n'kumasula chipeso monga unalembera.

Kapulasitiki kalipo. Kapakika phala mbali imodzi, ndipo mawu ofiira onena kuti kachotsedwe akuwerengeka bwinobwino.

Unanena zoona. Chimene chikundiopsa si kompyuta ayi. Mpaka pano ndikudziona ndikukasenda, ndikumva kulira kwake, chonsecho kali m'dzanja langa. Ngati mutu ungandionetse chinthu chimene sichinachitike, mawa udzandiuza kuti ndazimitsa ayironi yowotcherera mawaya ndisanazimitse, n'kutentha nyumba ya eni. Udzandiuza kuti ndabweza tepi ya munthu nditaitaya. Dzanja lonjenjemera ndikanalimbana nalo, koma mutu wonama sindingatsegule nawo shopu.

Sindinamangenso. Ndamuuza mwini nyumba kuti asadikire kutha kwa Malichi, makiyi adzatenge Loweruka la sabata yamawa. Matepi ndibweza kwa eni ake. Mayi ako ndangowauza kuti ndatopa, chifukwa chenicheni asachidziwe, ali ndi mantha okwanira kale.

Pepa chifukwa cha kalata ija. Amene analondola ndiwe.

Bambo ako.

2 Malichi

Bambo anga,

Ndaimba foni kangapo, Amayi akuti mwakana kuilandira. Ndiye ndalemba.

Ndinkafuna kupeza matenda a kompyuta, sindinaganize kuti mawu anga akugwera pati. Ndikanangonena kuti masulani tione phala, osatchula za kuiwala. Ndinalankhula nanu ngati ndikulankhula ndi mnyamata wophunzira ntchito. Ndikhululukireni.

Mundimvere pang'ono. Munthu wa mutu wotha sagwira chipeso n'kuzindikira kuti kuzizira kwake ndiye matenda. Ine ndi masukulu anga ndinakutumani kukawerenga manambala, inu munapisa chala. Kuiwala kapulasitiki kamodzi si chifukwa chotsekera shopu. Mnzanga wa desiki loyandikana nane anakaiwala chaka chatha, ndipo alibe sitiroko, ali ndi ulesi wokha.

Ndikudziwa kuti mundiyankha kuti nkhani si kuiwala, nkhani ndi kukumbukira chimene sichinachitike. Pamenepo ndilibe yankho, ndipo nanenso ndikuopa. Koma tikafunse adokotala limodzi, musadziweruze nokha. Ndapempha tchuthi, ndifika Loweruka la pa 10 ndi basi ya m'mawa. Chonde makiyi musapereke ndisanafike.

Mwana wanu wopsa msanga,
Fyuzi

4 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Khala pansi kaye usanawerenge. Kalata yako yafika lero chifukwa basi inagona panjira, koma nkhani inatha dzulo, ndipo yathera pa ine mayi ako.

Masiku onsewa bambo ako anali ngati nyumba yosamukamo anthu. Atandiuza kuti shopu aisiya, ndisaname, tsiku loyamba ndinakondwa. Ndinati basi, ndiziwaona pafupi. Tsiku lotsatira ndinaona kuti munthu amene nditsale naye pakhomo si amene ndinkamufuna. Ankangokhala pakhonde, ukawafunsa kanthu akuti funsani wina, ine mutu wanga musaudalire.

Dzulo ndikuchapa ndinapisa m'thumba la malaya awo monga ndimachitira, n'kupeza kapulasitiki ka makona anayi kopakika zotuwa. Ndinakazindikira pompo. Ndinapita nako pakhonde manja ali thovu lokhalokha.

"Kodi bambo, mwakachotsanso? Ine ndinavutika kukabwezera bwinobwino."

Anatembenuka n'kufunsa, "Mwati chiyani, mayi a Fyuzi?"

"Kapulasitiki aka. Tsiku lija munakasiya m'mphepete mwa tebulo, ine n'kukutumani kukamwa mankhwala. Chitsulo chija munachisiya chagada, chikuwala ngati kalilole, pakati pa masikuludiraiva anu. Chikanakandika. Ndiye ndinakamata momwe kanalili, ndinasisita ndi chala kuti pasatsale mpweya, n'kuchitembenuza kuti chisachite fumbi."

"Ndiye kuti ndinasenda?"

"Munasenda, nanga ine ndikanabwezera chiyani?"

"Tanenaninso."

Ndinanenanso. Anati ndinene kachitatu, ndinawauza kuti ndili ndi zochapa. Ndiye mapewa awo anayamba kugwedezeka, nkhope n'kufiira. Ndinati sitiroko yabweranso, n'kuthamangira mankhwala. Pobwera ndinapeza kuti n'kuseka. Anaseka mpaka misozi, kenako kuseka kunatha misozi n'kupitirira. Ndinakhala pansi pambali pawo, apo ndi pamene anandifotokozera zonse, za moto wosawoloka, za kalata yako, za chimene ankasiyira shopu. Ndinatsala pang'ono kumuika munthu wanga m'manda ali moyo chifukwa cha kapepala kosakwana chikhatho.

Koma nanenso ndinene mbali yanga. Ndani anandiuza kuti moto umafuna njira? Inu awiri ndi makalata anu a m'bokosi, mukanandiwerengera imodzi yokha nkhaniyi ikanatha Febuluwale ali pakati. Amati safunsa anadya phula, nanga wosauzidwa anadya chiyani?

Atapuma anandigwira dzanja lathovu lija n'kunena kuti, "Mayi a Fyuzi, chichokereni kuchipatala nanenso mwandimata kapulasitiki. Sindikukandika, zoona, koma ndikupsa mkati." Ndinabwerera ku zochapa zanga, ndipo malaya amodzi ndinawachapa kawiri.

Usalire kumeneko. Adya mbale ziwiri.

Mayi ako.

6 Malichi

Fyuzi mwana wanga,

Tadzuka, ndipo lero ndikunena zoona. Mayi ako akuti anakulembera, ndiye mlandu waumva kale. Woweruza ndine, wodandaula ndine, ndipo wolakwa ndawakhululukira chifukwa anamata mwaluso. Panalibe ndi kampweya komwe. Fakitale itawaona ingawalembe ntchito.

Dzulo ndinamanganso. Ndinapukuta ndi sipiriti mpaka ndinadzionanso mu mkuwa, kadontho kamodzi ka phala, masikuluwu mopingasa. Mayi ako ndinawaimika pafupi kuti aone ndi maso awo, manja ali kumbuyo. Ndisanatsitse chipeso ndinachitembenuza n'kuyang'ana pansi pake. Apa ndiye panali kulakwa kwanga, tsiku lija ndinamanga osayang'ananso, ndipo sindidzabwereza.

Mu bayosi nambala inaima pa 36 n'kukhala pompo ngati yakhomedwa. Ndinaika tepi ya mayi wamasiye uja. Kanambala kanakwera mpaka 67 n'kukana kupitirira, mafani akungonong'ona. Ndinapisa chala, chipeso chinali chofunda bwino, ndipo ndinawagwiritsa mayi ako kuti amve moto ukawoloka. Mkwati analowa m'tchalitchi, anafika kuguwa, anavala mphete, anthu anavina mpaka tepi inatha. Mayiyo wabwera m'mawa uno. Atamva malemu amuna ake akuthokoza alendo anagwira pakamwa, ine ndinatuluka kukayang'ana magalimoto.

Mwini nyumba ndamuuza kuti za makiyi ndasintha maganizo. Wometa ndinapita ndekha kukamuuza, n'kumetetsa komweko kuti asataye zonse.

Za kupepesa kwako, zisiye. Pa kapulasitiki unalondola, pa mutu wanga unaphonya, ine pa kapulasitiki ndinaphonya, pa mutu wanga ndinalondola. Palibe wopita ndi mbuzi. Koma kalata yako yomaliza ndaisunga payokha, osati m'bokosi la zipangizo. Kwa adokotala tidzapita ndithu, ndikawauze kuti andiyeze ine kenako ayezenso mayi ako.

Tchuthi usachibweze, bwera. Nsalu ya maluwa tsopano ikufunda shelefu ya matepi, kumene fumbi ndi mdani weniweni, ndipo mwini wake akuyenda monyada. Ndinayesa kufunsa za sofa, anandiyang'ana diso limodzi, ndinasintha nkhani.

Bambo ako.

8 Malichi

Mwana wanga,

Moni, ndilemba mwachidule chifukwa dalaivala akuliza kale injini.

Lero bambo ako apita okha kushopu. Tinapangana dzulo. Ndinawaikira mankhwala a masana m'thumba, ndinawapatsa chipewa, n'kuima pageti. Mwendo uja umakoka, ukudziwa, ndipo msewu wathu uli ndi maenje amene ndimawadziwa limodzilimodzi. Ndinalonjeza kuti sindiwatsatira, ndipo sindinawatsatire. Ndinangokumbukira kuti mchere watha, ndipo golosale ya mchere wabwino ili moyang'anana ndi shopu.

Nditaima kuseri kwa chitseko cha golosale ndinawaona akulimbana ndi loko. Makiyi anagwa pansi. Miyendo yanga inanyamuka yokha, ndinachita kugwira chitseko ndi manja awiri mpaka mwini golosale anafunsa ngati ndikudwala. Anawerama pang'onopang'ono, anatola, anatsegula. Asanalowe, osacheuka n'komwe, anakweza dzanja lodwala lija m'mwamba n'kundigwedezera.

Ukamabwera Loweruka ubweretse mchere, ine ndinabwerera wopanda.

Mayi ako.